Adokotala, mwendo watupa magazi atayambanso kuyenda, palibe mankhwala ake?

Funso lachokera kwa mayi wina amene akudwazika amuna awo:

"Adokotala ndithandizeni nzeru. Bambo akunyumba ali ndi zaka 61 ndipo ali ndi vuto loti mtima umagunda mosalongosoka. Masiku 5 apitawo mwendo wakumanzere unangozizira mwadzidzidzi usiku, ululu wosaneneka, kenako dzanzi. Tinafika kuchipatala patapita maola ngati 7, anati magazi oundana atseka mtsempha ndipo anawapanga opaleshoni n'kuchotsa. Ife kusangalala kuti basi zatheka poti phazi linatenthanso. Koma mawa lake katumba anatupa gwaa, mkodzo unada, anawabwezanso ku fiyeta kukang'amba mwendo mbali zonse ziwiri ndipo mabalawo awasiya osasoka. Pano ndi dilipi usana ndi usiku. Mwana wathu wawerenga pa intaneti kuti pali allopurinol, vitamini C ndi N-acetylcysteine zomwe zimateteza minofu magazi akabwerera. Nanga bwanji sakuwapatsa? Tigule tokha? Komanso kodi opaleshoni yoyamba ija siinalakwike?"

Mayi, pepani ndi matendawa. Kuona munthu amene mumati wapulumuka akumukankhiranso ku fiyeta kachiwiri ndi chinthu chofoola nkhongono, ndipo mafunso mwafunsawa aliyense akanafunsa. Ndiyambe ndi lomalizalo poti ndikudziwa kuti ndi lomwe likukusowetsani tulo. Zomwe mwafotokozazi sizikusonyeza kuti opaleshoni yoyamba inalakwika ayi. Phazi kutenthanso ndiye umboni woti mtsempha unatsegukadi. Kutupako ndi mkodzo wakudawo zabwera chifukwa magazi abwerera m'minofu yomwe inakhala nthawi yaitali ilibe magazi, zikumveka zotembenuka eti, koma thupi limatero, ndipo ife tikamatsegula mtsempha womwe watsekeka maola opitirira 6 timakhala tikudziwa kale kuti izi zitha kuchitika, mwakuti madokotala ambiri amang'ambiratu mwendo tsiku lomwelo osadikira kuti utupe.

Tsono za mankhwala, ndikuuzani mosapsatira. Mpaka pano palibe mankhwala omwe anavomerezedwa kuti ntchito yake ndi kuteteza minofu ku vuto limeneli. Palibe pilisi, palibe jakisoni woti dokotala angatenge pa shelefu n'kunena kuti uyu ndiye wa kutupa kobwera magazi akabwerera. Mwana wanu sananame, maina anawapezawo alipodi m'makafukufuku ndipo ndiwafotokoza. Koma musaganize kuti bambo sakulandira mankhwala. Akulandira, kungoti omwe akugwira moyo wawo pakali pano saoneka ngati mankhwala, ena mwa iwo ndi dilipi yomwe mukuiona ngati madzi chabeyo.

Kuti mumvetse chifukwa chake, tiyeni tilowe kaye m'katumbamo. Minofu imafuna okosijeni nthawi zonse olo munthu ali mtulo. Magazi akasiya kufika, maselo amayamba kuwotcha shuga yemwe anasunga popanda okosijeni ndipo pamatuluka asidi wambiri. Mphamvu ikatha, timapampu ta pakhungu la selo lililonse, tomwe timatulutsa sodiyamu kunja n'kusunga potaziyamu mkati, timaima. Selo limayamba kumwa madzi n'kufufuma, kashiamu amadzazana mkati n'kudzutsa ma enzayimu, timankhwala tachilengedwe ta m'selo momwemo, omwe amagaya selolo. Pakatha maola 3 kapena 4 maselo ena ayamba kufa, pofika maola 6 mbali yaikulu imakhala itawonongeka ngati magazi anatsekekeratu. Ndati "ngati" chifukwa anthu amasiyana. Munthu amene mitsempha yake yakhala ikuphinjika pang'onopang'ono kwa zaka amakhala atamera timitsempha ta m'mbali tolambalala, nde mwendo wake umapirira. Amene magazi oundana achokera kumtima n'kudzatseka mtsempha womwe unali bwinobwino, ngati zinachitikira bambo, alibe njira zolambalalazo, n'chifukwa chake zinabwera mwamphamvu chonchija.

Nanga magazi akabwerera bwanji zikuipiraipira? Ganizirani makala omwe akungofuka pansi pa phulusa. Osawakhudza amangonyeka pang'onopang'ono, koma mukawauzira mpweya lawi limabuka nthawi yomweyo. Pa nthawi yomwe minofu inalibe magazi munaunjikana zotsalira, zina monga hypoxanthine ndi succinate, ndipo okosijeni akangofika zimenezi zimapsa mwachisawawa n'kutulutsa tizinthu tolusa tomwe timatitchula kuti ma free radical. Timeneti timaboola khungu la maselo. Timainjini ta m'selo totchedwa mitochondria timatseguka pachibowo china n'kusiya kupanga mphamvu. Kenako asilikali a thupi, maselo oyera a m'magazi, amathamangira komweko poganiza kuti kwagwa mdani, amamatirira m'timitsempha ting'onoting'ono n'kutitseka ndiponso kuthira mankhwala awo owononga. Timitsemphato timayamba kudontha madzi. Mwakuti mtsempha waukulu utha kukhala wotseguka, phazi likugunda bwinobwino, koma malo ena mkati mwa mnofu magazi osalowa.

Mfundo yoti muigwiritsitse apa ndi ya nthawi. Lawi lalikulu la ma free radical limabuka m'mphindi zoyambirira magazi atangobwerera, kutupa kumatsatira m'maola ndi masiku oyamba. Tidzabwererakonso chifukwa yankho la funso la mwana wanu lagona pamenepa.

Kutupa kwa mwendo n'koopsa chifukwa minofu ya m'munsi mwa bondo ili m'zipinda 4 zokutidwa ndi chikopa cholimba chosatamuka. Mnofu ukatupa ulibe kopita, umadzifinya wokha pamodzi ndi timitsempha ta magazi ndi minyewa, nde magazi amaimanso kachiwiri. Apa palibe mankhwala othandiza, n'kale lomwe anthu anayesa. Chothandiza ndi mpeni basi, kung'amba mbali ziwiri kuti zipinda zonse 4 zitseguke, ndipo mabala amasiyidwa dala osasoka mpaka kutupa kutaphwa. Ndikudziwa kuti amaoneka moopsa, achibale ena amakomoka akawaona koyamba, koma mabala amenewo ndi omwe asunga mwendowo. Ndinaonapo odwala amene tinachedwa nawo maola ochepa chabe chifukwa aliyense ankati tiyeni tionjezere mankhwala a ululu tione, mapeto ake phazi linatsala lolendewera moyo wonse, nde ine ndikamva kuti anzanga anathamangira ku fiyeta mawa lake lomwelo mtima umakhala m'malo.

Vuto lachiwiri ndi loti zoipa zonse zinaunjikana m'mwendo zija magazi amazikokolola n'kupita nazo m'thupi monse, ngati ngalande yomwe inatsekeka ikatseguka. Muli asidi, muli potaziyamu, muli myoglobin yemwe ndi puloteni wofiira wa m'minofu. Nkhani imeneyi siyachilendo. Mu 1941 dokotala wina wa ku London, Eric Bywaters, analemba za anthu omwe anapsinjidwa ndi zipupa nthawi yomwe mzindawo unkaphulitsidwa ndi mabomba, ankawatulutsa akulankhula bwinobwino koma patatha masiku ochepa mkodzo unkasiya ndipo ankamwalira ndi impso. Pa chivomezi cha ku Marmara ku Turkey mu 1999 anthu 639 anapezeka ndi vuto la impso lotere ndipo 477 anafunika makina osefa magazi. Zambiri zomwe tikuchita lero pa munthu ngati bambo tinaziphunzira pa ngozi zoterozo.

Tsopano mankhwala enieni omwe timagwiritsa ntchito. Oyamba ndi heparin, amene ndikukhulupirira analandira atangofika. Iye sasungunula magazi omwe aundana kale, amangoletsa kuti asaonjezereke ndiponso kuti timitsempha ta kunsi tisatsekeke. Odwala ena omwe mwendo sunafike poipa amawathira alteplase kudzera pa kapaipi kolowa mu mtsempha kuti asungunule, koma njira imeneyo imatenga maola ambiri, munthu woti wachita kale dzanzi sitingamudikiritse, timakoka magazi oundanawo ndi kapaipi ka kabaluni komwe Thomas Fogarty anabweretsa mu 1963.

Achiwiri ndi madzi a mchere a m'dilipi aja, ndipo pa onse omwe nditchule awa ndiye mfumu. Myoglobin akafika ku impso amaundana m'timapaipi tosefera makamaka mkodzo ukakhala wochepa ndi wa asidi, komanso amawononga maselo a impso mwachindunji. Njira yomuletsa ndi kumutsuka asanakhazikike. Pa munthu wamkulu amene minofu yawonongeka kwambiri timafuna mkodzo wa mamililita 200 mpaka 300 pa ola mpaka utayera, ndipo opulumutsa anthu pa zivomezi amayamba kuthira madzi munthu akadali pansi pa chipupa asanamutulutse n'komwe. N'chifukwa chake mukuona anamwino akuyeza thumba la mkodzo pafupipafupi ngati alibe ntchito ina. Kungoti kwa bambo pali kusamala, mtima wawo ndi wodwala kale, madzi akachuluka amakadzaza m'mapapo. Nde mukaona dilipi aichepetsa liwiro musaganize kuti akuwamana, komanso chonde musaitsegule nokha kuti ithamange, ndaonapo achibale akuchita zimenezo mwa chikondi ndithu.

Achitatu ndi olimbana ndi potaziyamu wochuluka, ndipo potaziyamuyu ndiye amapha msanga kuposa zonse. Pafupifupi 98 pa 100 ya potaziyamu wa m'thupi amakhala mkati mwa maselo, wambiri m'minofu. Maselo akaphulika amakhuthukira m'magazi. Mulingo wabwino ndi 3.5 mpaka 5.0, akadutsa 6.5 mtima utha kuima nthawi ina iliyonse munthu akucheza. Zikatero timabaya calcium gluconate mu mtsempha, iye satsitsa potaziyamu koma amatchinjiriza mtima kwa mphindi 30 mpaka ola limodzi. Kenako insulin pamodzi ndi shuga wa m'dilipi, olo munthu alibe matenda a shuga, chifukwa insulin amakankhira potaziyamu kubwerera m'maselo kwa maola angapo. Salbutamol, yemwe uja wa mphumu, timamupumitsanso pa ntchito yomweyo. Zonsezi ndi zongogula nthawi, potaziyamu amachoka m'thupi pokhapokha impso zikugwira ntchito, apo ayi makina osefa magazi. Akakuuzani za makina amenewa, omwe amati dayalisisi, musataye mtima, pa vuto ili kawirikawiri imakhala ya masabata ochepa chifukwa impso zambiri zimadzukanso.

Palinso awiri omwe madokotala timakangana nawo mpaka lero, sodium bicarbonate ndi mannitol. Bicarbonate amachepetsa asidi mu mkodzo kuti myoglobin asaundane. Mannitol amakoka madzi kuti mkodzo uchuluke ndipo mu labotale amazimanso ma free radical ena. Pa pepala zonse ziwiri n'zokoma, koma palibe kafukufuku wamkulu yemwe anaonetsa kuti zimaposa madzi a mchere okha operekedwa msanga ndi okwanira. Ine bicarbonate ndimamupereka asidi akakwera kwambiri m'magazi, ndikuyang'anira kashiamu poti amamutsitsa. Mannitol ndimamuopa pa munthu amene mkodzo wasiya kutuluka chifukwa amatha kuonjezera vuto la impso ndi kudzaza mapapo. Ngati bambo sanalandire awiriwa, sikuti wina waiwala.

Tifike pa omwe mwana wanu anawapeza. Allopurinol ndi mankhwala akale a gout, nyamakazi ija yotupitsa chala chachikulu chakuphazi. Amatseka enzayimu yotchedwa xanthine oxidase, yomwe ndi imodzi mwa zomwe zimasandutsa hypoxanthine uja kukhala ma free radical. Ganizo limeneli linatchuka kuyambira 1981 pomwe Neil Granger ndi Joe McCord ndi anzawo ku America anaonetsa pa matumbo a amphaka kuti kuwonongeka kobwera magazi akabwerera kumachokera kwa ma free radical. Chiyambire pamenepo ayesa mankhwala ankhaninkhani pa miyendo ya makoswe, mbewa, akalulu ndi nkhumba, allopurinol, vitamini C ndi E, N-acetylcysteine yemwe ife timamudziwa ngati mankhwala a munthu amene wamwa panado wambiri, deferoxamine womanga ayironi, melatonin, ma statin otsitsa mafuta m'magazi, ngakhale sildenafil amene, uja wa mphamvu za abambo. Ambiri mwa amenewa pa nyama amachepetsadi kutupa ndi kufa kwa maselo. Nde mwana akawerenga mitu ya makafukufukuwa mpake kudabwa kuti bwanji kuchipatala sakuwapereka.

Chinsinsi chili pa momwe amayesera. Khoswe wa mu labotale ndi wamng'ono, wathanzi, alibe shuga, sasuta, mitsempha yake ndi yosalala. Amamumanga mwendo maola owerengeka ndendende, mwina 2 kapena 3, ndipo mankhwala amamupatsa asanamumange kapena atangotsala pang'ono kumasula. Wodwala weniweni sabwera choncho. Amabwera ali ndi zaka 61, mtima wodwala, mwendo utazizira kale maola 7, palibe amene anadziwa dzulo lake kuti amumwetseretu mankhwala. Chinanso, njira zowonongera zija n'zambiri, mukatseka imodzi zina zija zikupitiriza, ndipo makoswe ali ndi xanthine oxidase wambiri kuposa anthu m'ziwalo zina. Pa anthu, makafukufuku omwe alipo ndi ang'onoang'ono, ambiri a opaleshoni ya bondo komwe dokotala amamanga lamba pantchafu dala kwa ola limodzi kapena awiri. Kumeneko N-acetylcysteine, vitamini C kapena mankhwala ogonetsa a propofol amatsitsa manambala ena a m'magazi osonyeza ma free radical. Koma nambala kutsika ndi nkhani ina, mwendo kupulumuka kapena impso kusafa ndi nkhani inanso, ndipo chachiwirichi sichinaonetsedwe.

Nkhani yomwe inatiphunzitsa kudzichepetsa ndi ya cyclosporine, olo kuti inali ya mnofu wa mtima. Mankhwalawa amatseka chibowo cha mitochondria chija, ndipo mu 2008 ku France anawayesa pa odwala 58 omwe mtsempha wa mtima unatsekeka, zotsatira zinaoneka zabwino zedi, tonse tinati basi tapeza. Atabwereza pa odwala 970, zotsatira zomwe zinatuluka mu 2015 zinaonetsa kuti patatha chaka panalibe kusiyana kulikonse pakati pa omwe analandira ndi omwe sanalandire. Kuyambira pamenepo ndikamva kuti mankhwala akuti achita zodabwitsa pa makoswe 20 ndimangoti chabwino, tidikire.

Amene anayandikirako pa miyendo ya anthu ndi iloprost, mankhwala otsegula timitsempha ting'onoting'ono ndi kuletsa maselo a m'magazi kumatirirana. Kafukufuku wa ku Italy wa mu 2006, wa odwala pafupifupi 300 omwe anachitidwa opaleshoni ngati ya bambo, anapeza kuti imfa zinachepa mwa omwe analandira, koma ataphatikiza imfa ndi kudulidwa mwendo, chomwe chinali cholinga chenicheni cha kafukufukuyo, kusiyana kwake sikunali kokwanira kutsimikizira. Madokotala ena amamugwiritsa ntchito pa odwala osankhidwa, amayamba nthawi ya opaleshoni yomweyo kudzera mu mtsempha, ndipo amatsitsa BP, amabweretsanso mutu kuwawa ndi nseru. Si chinthu chogula kufamase n'kukapereka pa bedi.

Mwaona tsono chifukwa ndinati tigwiritse za nthawi. Olo allopurinol akanakhala wotsimikizika, nthawi yake inali mphindi zija magazi asanabwerere, masiku 5 apitawo. Lero lawi lija linazima kale, chatsala ndi kusamalira zomwe linasiya. Nde yankho la "tigule tokha" ndi ayi, ndipo si ayi wongoti mungataye ndalama, ndi ayi woti mutha kuwavulaza. Allopurinol amatuluka kudzera ku impso, impso zikafooka amaunjikana ndipo mpata wa ziwengo zoopsa zosupula khungu ndi m'kamwa umakwera, anthu amafa nazo. Vitamini C wochuluka thupi limamusandutsa oxalate yemwe amakaundana mu impso zomwe tikulimbana kuti tizipulumutsezo. Vitamini E wambiri amaonjezera kutaya magazi pa munthu amene ali pa mankhwala opyapyalitsa magazi, ndiye ali ndi mabala awiri otseguka.

Koma omwe ndimawaopa kwambiri si amenewa ayi, ndi a ululu wamba. Ibuprofen, diclofenac, indomethacin ndi anzawo amachepetsa magazi opita ku impso, ndipo pa munthu amene mkodzo unada amatha kumalizitsa impso m'masiku awiri okha, kuphatikizanso kutulutsa magazi m'mimba akakumana ndi heparin. Achibale amawabweretsa m'chikwama mwachifundo poti wodwala akubuula usiku. Chonde ayi. Ululu wa bambo ndi wa panado ndi mankhwala amphamvu a gulu la morphine omwe madokotala asankhe molingana ndi impso, ngati sakukwanira kauzeni anamwino, ndi ufulu wa bambo kuthandizidwa. Chimodzimodzi mankhwala azitsamba, ma supplement onse otsatsidwa kuti amatsuka magazi, ndi mchere uja amati ndi wa odwala BP poti mkati mwake ndi potaziyamu. Ndipo tengani mankhwala onse omwe bambo amamwa kunyumba mukawaonetse adokotala, maka ngati muli enalapril, losartan, spironolactone, metformin kapena digoxin, amenewa nthawi zambiri amaimitsidwa kaye kapena kuchepetsedwa impso zikadwala. Statin nayenso amapumitsidwa minofu ikamawonongeka, adzayambiranso zikakhazikika ngati akufunika.

M'malo mofunsa za allopurinol, pa raundi ya mawa funsani izi. CK ali pati ndipo akutsika? CK ndi enzayimu ya m'minofu yomwe imatiuza kuchuluka kwa zomwe zawonongeka, mwa munthu wabwinobwino imakhala m'mahandiredi ochepa, ikadutsa 5,000 timayamba kudera nkhawa impso. Imakwera mpaka tsiku loyamba kufika lachitatu kenako izitsika pafupifupi theka pa tsiku ndi theka lililonse, ikakana kutsika ndiye kuti pali mnofu womwe ukufabe. Funsaninso potaziyamu, creatinine yemwe amasonyeza ntchito ya impso, ndi mkodzo wa maola 24. Funsani ngati mnofu unali wamoyo pomwe anatsegula bala, wamoyo umakhala wofiira, umatuluka magazi, umanjenjemera akaukhudza. Mwina adzawatenganso ku fiyeta kangapo kukachotsa wakufa, imeneyo ndi mbali ya chithandizo chomwecho. Ma antibayotiki amabwera pakakhala chizindikiro cha matenda pabala kapena mnofu wakufa, sikuti amachiza kutupako.

Ndisakubiseni, nthawi zina mnofu wakufa umakhala wambiri moti ukupitiriza kuthira poizoni m'thupi, ndipo madokotala amakamba zodula mwendo kuti munthu akhale moyo. Zomwe mwalembazi sizikuloza kumeneko, phazi ndi lotentha ndipo anang'amba msanga, koma nkhaniyo ikadzabwera mudzafunse mafunso onse omwe muli nawo ndipo bambo adzalankhule okha maganizo awo.

Akayamba kupeza bwino, mabala amasokedwa patatha masiku angapo kapena amatenga khungu pantchafu n'kumatapo. Mafizo ayambe msanga akadali pabedi, bondo ndi kakolo zisaume, ndipo ngati phazi likulendewera pali chothandizira chovala kuti lisakokeke pansi. Minofu imatha kumeranso pang'ono poti ili ndi maselo ake osungira, koma pomwe panafa kwambiri pamasanduka chipsera cholimba, nde mphamvu imabwerera m'miyezi osati masabata. Ululu wotentha ngati moto kapena ngati magetsi ndi wa minyewa, umamva amitriptyline kapena gabapentin, koma amitriptyline ngwosamala naye pa mtima wotere ndipo gabapentin mulingo wake umatsatira impso, nde asankhe ndi adokotala.

Mankhwala omwe ndikufuna muwaikire mtima wonse ndi awa otsatirawa. Magazi oundana aja anachokera kumtima, chifukwa mtima ukamagunda mosalongosoka magazi amadikha m'kachipinda kena n'kuundana. Ulendo uno anapita kumwendo, ulendo wina atha kupita kuubongo kukhala sitiroko kapena kumatumbo. Bambo afunika mankhwala oletsa kuundana monga warfarin, apixaban kapena rivaroxaban, kawirikawiri moyo wawo wonse, ndipo ngati ali warfarin pamafunika kuyezetsa pafupipafupi INR, muyezo woona liwiro lomwe magazi akuundanira. Simunanene ngati ankamwa kale, koma odwala ambiri omwe ndawalandira ndi mwendo wozizira anali atasiya miyezi ingapo m'mbuyomo poti ankamva bwino. Asatuluke m'chipatala musanamvetse kuti amwa ati, angati, ndipo sikelo yobwerera ndi liti.

Pakali pano muli m'wodimo, itanani namwino nthawi yomweyo osadikira raundi mukaona mkodzo wachepa kwambiri kapena wadanso, akubanika kapena akulephera kugona chagada, akuti mtima ukuthamanga kapena ukudumphadumpha, manja ndi miyendo zafooka mwadzidzidzi, akubwebweta, thupi latentha, bala likununkha kapena likukha magazi osasiya. Akadzatuluka zizindikiro ndi zomwezi, kuonjezerapo chimbudzi chakuda bii, pakamwa kupotoka kapena kulankhula movutikira. Ndipo mwendo uliwonse kapena mkono ukadzazizira, kuyera, kupweteka kapena kuchita dzanzi mwadzidzidzi, musauthowe ndi madzi otentha, musausisite, musauike pamwamba pa pilo, musadikire kuche. Onani nthawi yomwe zayamba, nyamukani pompo, ndipo mukafika nthawi imeneyo ikhale chinthu choyamba kumuuza amene wakulandirani.